Tiyi wa 6 koloko sangathamangitse mwana mpira wa 3 koloko

Pa sekondale yoyendera imene ndimathandiza kuyang'anira zamasewera panali mnyamata wa Fomu 2 amene ankandizunguza mutu. Ankasewera kumphepete, ndipo mphindi 20 zoyambirira panalibe womugwira. Zikangodutsa pamenepo mumaona manja afika m'chiuno, mipira yosavuta ikumudutsa, iye akukalipira anzake popanda chifukwa. Chigawo chachiwiri chisanafike pakati, uyo wagona pa fumbi, akuti katumba wakokana. Anzake ankati ndi ulesi. Ena, mukudziwa pakamwa pa ana, ankati wayamba kusuta.

Tsiku lina ndinamukokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo.

"Iwe, chidzukire wadya chiyani?"

"Tiyi, aphunzitsi."

"Chomwera?"

Anangoseka n'kuyang'ana pansi.

"Nanga pa buleki?"

"Firizi ndi tizigege tiwiri."

Inali 4 koloko madzulo. Tiyi uja anamwa 6 koloko m'mawa, kenako anayenda pansi pafupifupi ola lathunthu, n'kukhala m'kalasi mpaka kuweruka. Kwawo sikuti kunalibe chakudya. Madzulo alionse ankagwetsa mitanda inayi ya nsima ya usipa ndi mpiru, n'kukagona mimba ili ndii. Mukaphatikiza zonse za tsikulo mwina sizinkaperewera kwambiri, koma zinkafika ntchito itatha kale. Ana athu ambiri osewera mpira wa miyendo, ntchemberembaye, othamanga ndi onyamula zitsulo, tsiku lawo limayenda chonchi: m'mawa ndi masana mimba ili pululu, chakudya chonse chaunjikana usiku.

Thupi limasunga mphamvu m'njira ziwiri. Mafuta ali ngati chimanga cha m'nkhokwe. N'chambiri, ngakhale mwa mwana woonda, koma kuti chifike pa mbale muyenera kutonola, kupeta, kupita kuchigayo. Munthu akamayenda pang'onopang'ono kapena atakhala pa desiki, kuchedwa kumeneko sikuvuta. Koma pothamangira mpira, podumpha, potembenuka mwadzidzidzi, thupi limafuna ufa umene uli kale m'ndowa. Ufa umenewo ndi shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, amene asayansi amamutcha glycogen, ndipo amachokera ku nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi ndi nthochi. Mwa munthu wamkulu chiwindi chimasunga pafupifupi magalamu 100, minofu pafupifupi 400. Mwa mwana wa makilogalamu 50 ndowayo ndi yocheperapo, ndipo masewera amphamvu a ola limodzi ndi theka akhoza kuifikitsa pansi.

Pali chinanso chimene ambiri sitichidziwa. Shuga wa m'minofu ndi wa minofuyo basi, sabwereketsa. Wa m'chiwindi ndi amene amatulutsidwa m'magazi kukadyetsa ubongo, ndipo ntchito imeneyi siima ngakhale munthu ali mtulo. Ndiye ngakhale mgonero unali wokhutitsa, pofika m'mawa chiwindi chimakhala chitatsika kwambiri. Timasupuni tiwiri ta shuga ta mu tiyi ndi magalamu 8 kapena 10 okha. Pofika 4 koloko, mnyamata wanga uja ubongo wake unali ukupempha. Kukalipa kuja, kupereka mpira kwa mdani, kuchedwa kuona mnzake amene ali poyera, zonsezo zinali njala yafika kumutu. Za katumba, anthu amathamangira kunena kuti mchere kapena madzi zachepa, ndipo nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri gwero lake ndi kutopa kwa mnofu. Mnofu wanjala umatopa msanga.

Tsono wachinyamata amasiyana ndi bambo amene amathamanga m'mawa kuti mimba iphwe. Wachinyamatayo akumanga nyumba uku akugonamo. Atsikana ambiri amakula mothamanga kwambiri pa zaka 11 kapena 12, anyamata pa zaka 13 kapena 14, ena mochedwerapo, ndipo pa nthawi imeneyo mnyamata akhoza kutalika masentimita 9 kapena 10 m'chaka chimodzi. Gawo lalikulu la mafupa amene munthu adzayenda nawo mpaka kukalamba limamangidwa m'zaka zomwezi. N'chifukwa chake kashiamu, mchere womanga mafupa, wofunika pa tsiku kwa wachinyamata ndi mamiligalamu 1,300, kuposa 1,000 wa munthu wamkulu. Kapu ya mkaka kapena chambiko imapereka pafupifupi 300. Kwa mabanja ambiri mkaka wa tsiku ndi tsiku ndi loto, koma tili ndi mwayi umene sitiuyamikira mokwanira: usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali mumingamo. Bonongwe nayenso ali naye wambiri. Chakudya chikaperewera, thupi silisiya kuthamanga chifukwa kochi waliza wezulo. Limadula kumene sikuoneka: kukula, mafupa, chitetezo ku matenda.

Lamulo la nthawi palokha n'losavuta. Chakudya chachikulu, nsima kapena mpunga ndi ndiwo zake, chimafuna maola atatu kapena anayi kuti chichoke m'mimba. Munthu akayamba kuthamanga, magazi ambiri amachoka m'matumbo kupita ku minofu, ndiye chakudya chimene changolowa chimangokhala pomwepo. Apo ndi pamene mwana amamva kulemedwa, kubaya m'nthiti, mseru. Mafuta amachedwetsa kugaya kuposa china chilichonse, nyemba ndi kabichi zimatupitsa. Choncho nthawi ya masewera ikamayandikira, chakudya chizichepa, mafuta azichepa, chotsala chikhale chopatsa mphamvu msanga. Kukatsala ola limodzi, nthochi imodzi kapena ziwiri, buledi, kapena kapu ya thobwa n'zokwanira. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25 a zopatsa mphamvu, kuposa tiyi uja kawiri.

Chovuta n'chakuti lamuloli likakumana ndi sukulu yoyendera limagwa. Masewera ndi 3 koloko, mwana aweruka cha m'ma 2 koloko, kwawo n'kutali. Nsima ya 12 koloko aipeza kuti? Amene akukhala pafupi amathamangira kunyumba, kumeza nsima yotentha 2:30, n'kubwera akubyukula. Akutali amangodikira pa bwalo. Onsewa aphonya, wina mbali iyi, wina mbali inayo.

Ine ndinaona kuti nkhondo imeneyi imapambanidwa m'mawa ndi pa buleki. Kadzutsa akhale chakudya chenicheni. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndiye mfumu pamenepa, chifukwa mgaiwa sunachotsedwe gaga ndi mtima wa chimanga ngati ufa woyera, ndipo nsinjiro zimaonjezera zomanga thupi ndi mafuta amene amasunga mimba mpaka 10 koloko. Futali nayenso ndi wabwino. Mkute wosungidwa bwino, wootchanso mpaka kutentha, usanyozeke, ngakhale ana a masiku ano amachita nawo manyazi. Ngati m'mawa mulibe nthawi yosonkha moto, mbatata kapena chinangwa ziphikidwe usiku. Ndiye m'chikwama mulowe kamba: mbatata ziwiri zitatu, chimanga chophika, chigumu, mtedza wokazinga, botolo la thobwa. Adye gawo lina pa buleki, lalikulu cha m'ma 12 kapena 1 koloko, nthochi asiyire kumapeto. Nkhomaliro yasanduka zidutswa, koma yafika pa nthawi yake.

Pali mpata wina umene umandipweteka mtima. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake ku Malawi mu 2002, ndipo pamodzi ndi mabungwe ena lapangitsa kuti ana ambiri a ku pulayimale azolowere kapu ya phala kusukulu. Mwana yemweyo akakhoza Sitandade 8 n'kulowa sekondale yoyendera, phala lija nthawi zambiri limathera pa geti. Ndiye likutha chaka chimene mnyamata akuphuka msinkhu, mtunda wa kusukulu watalika, ndipo walowa mu timu. Makolo ambiri sazindikira kuti chakudya chimodzi chatsika pa tsiku la mwana wawo.

Chipisi cha pachiwaya sindidana nacho, nanenso ndimaimapo. Koma chipisi chonona mafuta, mandasi atatu kapena kanyenya kutatsala theka la ola, ndiko kunyamula mwala m'mimba. Ngati n'kudya, adye masewera atatha. Pa tsiku la mpikisano asayese chakudya chachilendo, adye chimene mimba yake ikuchidziwa. Ndipo gulukosi wa ufa uja, amene tonse tinanyambita pa chikhatho tikamaliza kuthamanga, si mankhwala amatsenga. Ndi shuga chabe. Amathandiza pang'ono pakati pa masewera aatali ngati watsatiridwa ndi madzi, monga mmene malalanje kapena nzimbe zingathandizire, koma sangalowe m'malo mwa kadzutsa amene sanadyedwe.

Madzi ali ndi mabodza akeake. Ndamvapo makochi akuletsa ana kumwa, ati alemera, ati msilikali samwa madzi. Zimenezo n'zoopsa. Munthu akataya madzi okwana magawo awiri pa 100 alionse a kulemera kwake, liwiro ndi kuganiza zimayamba kutsika. Kwa mwana wa makilogalamu 50, imeneyo ndi kilogalamu imodzi, lita imodzi ya thukuta, ndipo dzuwa la October ndi November limaitulutsa mosavuta. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, sitinena. Chimene chimabayitsa m'nthiti ndi kugubuduza botolo lonse kamodzi. Mwana amwe makapu awiri kutatsala maola awiri, kenako pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Choyezera chaulere ndi mkodzo: ukakhala woyererako zili bwino, ukafanana ndi tiyi wopanda mkaka madzi achepa. Masewera osapitirira ola limodzi, madzi okha ndi okwanira. Akapitirira, kunja kukuotcha, kashuga pang'ono ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri m'botolo zimathandiza. Aliyense akhale ndi botolo lake la madzi otetezedwa, chifukwa chidebe chimodzi ndi kapu imodzi ya timu yonse nthawi ya kolera ndi kuitana tsoka. Mwana akayamba chizungulire, kusanza kapena kulankhula zosokonekera pa dzuwa, atuluke pomwepo, apite pa mthunzi, athiridwe madzi ozizira. Akakhala kuti wasokonezeka mutu, athamangitsidwe kuchipatala.

Masewera akatha pali ntchito ziwiri: kudzaza ndowa ija ndi kukonza minofu imene yang'ambika pang'onopang'ono. Anyamata a ku jimu amakonda kunena kuti ukapanda kudya m'mphindi 30 zonse wagwira zapita pachabe. Amakokomeza. Khomo silitsekeka mwansangansanga choncho. Koma n'zoona kuti m'maola awiri oyambirira minofu imalandira shuga mofulumira, ndipo kufulumirako kumafunika kwambiri pawiri: pamene mwana wasewera ali ndi njala, ndi pamene akuseweranso posachedwa, monga pa mabonanza pomwe timu imalowa m'bwalo katatu tsiku limodzi. Mwana womaliza 5 koloko, kuyenda ola limodzi, kukatunga madzi, n'kudzadya 8 koloko, wadikira nthawi yaitali. Thobwa lotsala ndi mtedza wodzaza dzanja panjira zimatseka mpata umenewo.

Pa zomanga thupi, manambala ndi awa. Wochita masewera pafupipafupi amafuna pakati pa magalamu 1.2 ndi 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Wa makilogalamu 50 ndiye kuti 60 mpaka 100, ndipo pa chakudya chimodzi 15 kapena 20 ndi okwanira. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya chambiko, 8. Mtedza wodzaza dzanja, pafupifupi 7. Kapu ya nyemba zophika, pafupifupi 15. Soya pieces zouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, ndipo usipa wouma umapitirira theka. Mukuona kuti palibe chofunika kuitanitsa ku Johannesburg. Chimanga chimaperewera kachigawo kena kotchedwa lysine kamene nyemba, nandolo ndi khobwe zili nako kambiri, ndiye nsima ya nyemba ija imene ana a kuboding'i amaitukwana ndi ukwati wabwino. Minofu imagwiritsa bwino zomanga thupi zikamabwera pang'onopang'ono tsiku lonse, osati mulu umodzi usiku.

Pamene timalakwa ndi pa kukula kwa mbale ya ndiwo. Kwathu ndiwo timaziona ngati zopititsira nsima, kungonyowetsa mbamu. Ndipo pogawa, mbale ya abambo ndi imene imayamba, nthuli zabwino n'kupita kumeneko, mnyamata wa zaka 14 amene mafupa ake akukula n'kupatsidwa msuzi. Sindikuti ulemu uthe, koma amayi pogawa adziwe amene akumanga thupi m'nyumbamo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi azaumoyo amaphunzitsa, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, ndi omwewonso a wosewera mpira, kungoti iye amafuna zochulukirapo. Za mtedza, chenjezo limodzi: wachuku, wofota kapena wowawa tayani, musausinjire limodzi ndi wabwino, chifukwa chukucho chimatulutsa poizoni woononga chiwindi amene satha ndi kukazinga.

Atsikana nkhani yawo ndi yolemerapo, ndipo ndi imene imakambidwa mochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 19 ku Malawi anali wochepa magazi. Magazi ndi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu, ndipo ayironi ndi amene amapanga mbali yonyamulayo. Mtsikana amataya ayironi mwezi uliwonse, n'chifukwa chake pa zaka 14 mpaka 18 amafuna mamiligalamu 15 pa tsiku pomwe mnyamata amafuna 11. Wochepa magazi amapuma mwawefuwefu msanga, mtima umagunda mothamanga, m'zikope ndi m'manja mumayera. Pa bwalo amangotchedwa waulesi, ngati mnyamata wanga uja.

Ayironi wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba amalowa movutikira, ndipo apa nthawi ikugwiranso ntchito. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi m'matumbo, choncho asamwedwe pamodzi ndi nsima ya nyemba, padutse ola limodzi kapena awiri. Vitamini C ndiye amatsegula njira: gwafa, lalanje, papaya, malambe, tomato wosaphika kapena madzi a ndimu pa ndiwo. Mapiritsi a ayironi amene atsikana amapatsidwa m'masukulu ena kamodzi pa sabata asatayidwe kuseri kwa kalasi. Komanso si kuchepa magazi konse kumene kumachokera m'mbale. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, makamaka kwa osambira m'nyanja ndi m'madambo, zimatha magazi, ndiye mwana wotopa nthawi zonse akayezetse kuchipatala.

Pali chizindikiro china chimene atsikana amabisa. Mtsikana amene akusewera kwambiri koma akudya moperewera, kaya chifukwa chosowa kapena poopa kunenepa, akhoza kusiya kupita kumwezi. Komiti ya masewera a Olympic pa dziko lonse inapatsa vutoli dzina lakuti RED-S mu 2014, ndipo inanena kuti limagwiranso anyamata. Thupi likaona kuti mphamvu sizikukwanira limazimitsa zina, mahomoni amatsika, mafupa amafooka pa zaka zimene amayenera kulimba. Kwathu mtsikana wotere amakhala chete chifukwa akudziwa funso loyamba limene alandire, lakuti mimbayo ndi ya ndani. Amayi ndi azakhali, miyezi itatu ikadutsa, musayambe ndi ndodo. Mupite naye kuchipatala, ndipo mufunsenso za mbale yake. Anyamata a nkhonya amene amadzimana chakudya ndi madzi kuti akwane pa sikelo akusewera ndi moto womwewo.

Zakumwa za m'zitini zija zotchedwa zopatsa mphamvu ndithane nazo mwachidule. Mphamvu yake ndi kafeini ndi shuga. Bungwe la madokotala a ana la ku America linanena mu 2011 kuti ana ndi achinyamata asamamwe. Zimathamangitsa mtima, zimabisa kutopa, ndipo zikamwedwa madzulo zimaba tulo, chonsecho wachinyamata amafuna maola 8 mpaka 10 kuti akule ndi kuchira. Ndalama ya chitini chimodzi ikhoza kugula mazira kapena nthochi. Ufa wa zomanga thupi (mapuloteni) wa m'zigubu nawonso ndi wodula, mwana wodya bwino saufuna, ndipo zimene zalembedwa kunja si nthawi zonse zimafanana ndi zam'kati.

Ana a kuboding'i, ngakhale amadandaula, wotchi imawakomera: nkhomaliro masana, masewera patadutsa maola atatu. Dzenje lawo ndi usiku, chifukwa mgonero umabwera molawirira, kenako kuwerenga, mpaka phala la mawa. Chiponde ndi mtedza m'sutikesi ndi za nthawi imeneyo. Achinyamata achisilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadan asadumphe chakudya cha m'bandakucha, amwe madzi okwanira usiku, ndipo zolimbitsa thupi zolemera zisunthidwe kufupi ndi nthawi yomasula kapena itadutsa.

Nanga January ndi February, pamene m'nyumba zambiri moto ukusonkhedwa kamodzi pa tsiku? Pamenepo malangizo a kadyedwe sathandiza, amene ayenera kusintha ndi kochi. Kuzungulitsa ana bwalo maulendo 20 ali ndi njala si kuwalimbitsa. Tichepetse kuthamanga, tichulukitse luso la mpira, nthawi ifupike. Ife tinayesa mmemo: wina kabakuli ka ufa, wina nsinjiro, wina nkhuni, phala n'kuphikidwa 1 koloko masiku a masewera. Unayenda teremu imodzi, kenako unafa chifukwa osonkha anali omweomwewo. Tikuganiza zouyambitsanso, koma nthawi ino makolo akhale nawo pa zokambirana.

Mnyamata uja sanasanduke katswiri wa dziko. Katumba amamukokabe nthawi zina. Koma patatha masabata atatu akubwera ndi mbatata m'jumbo ndi thobwa m'botolo, anamaliza mpira wonse ali chiimire, ndipo mphindi zomaliza ndi iye amene anali kupempha mpira. Amayi ake ndinakumana nawo pa msika akugula tomato.

"Aphunzitsi, inu mwandionjezera ntchito," anatero akumanga chenje pa nsonga ya chitenje. "Mbatata ndikumaphika usiku, ndiye ndiyenera kubisa pamwamba pa kabati. Ndikangoiwala, azing'ono ake akumaipeza tambala asanalire."